Kukonza chithunzi pa foni kapena pa kompyuta: malire ali pati?

Pa 10 Malichi 2024, lomwe linali tsiku la anakubala ku Britain, ofesi ya Kensington Palace inatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, atakhala pampando ana awo atatu atawazungulira, onse akumwetulira. Mayiwa anali atatha milungu yambiri osaoneka pagulu chichitireni opaleshoni mu Januwale, ndipo chithunzicho chinali choti chikhazike anthu mtima pansi. Koma tsikulo lisanathe, mabungwe akuluakulu ogulitsa nkhani ndi zithunzi, Associated Press, Reuters, AFP ndi Getty Images, anauza nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu zomwe zimagula kwa iwo kuti zichichotse. Akonzi awo anaona kuti mkono wa juzi ya mwana wamkazi, Charlotte, sunalumikizane bwino pafupi ndi dzanja, chizindikiro choti wina anasuntha kapena kumata kanthu pa kompyuta. Kutacha, Catherine anapepesa, n'kunena kuti monga anthu ambiri ojambula mongosangalala, nawonso nthawi zina amayesa kukonza zithunzi.

Ena anadabwa kuti cholakwa chili pati. Anawo ndi omwewo, mayi ndi omwewo, ndipo pafupifupi aliyense wokhala ndi foni amakonzako chithunzi asanachiike pa Facebook. Ena anati ngati mkono wa juzi wasunthidwa, tidziwa bwanji kuti china chachikulu sichinasunthidwe, makamaka pa chithunzi chomwe chinatulutsidwa kuti chikhale umboni wakuti munthu ali bwino?

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Chithunzi chilichonse chomwe mumachiona chinakonzedwapo mwanjira ina. Pomwe anthu amasiyana ndi pa mlingo wake, ndipo mlingowo umatengera ntchito yomwe chithunzicho chikukagwira komanso zomwe wochiona akukhulupirira kuti akuona.

Kamera imayamba kukonza inu musanachione

Mkati mwa kamera iliyonse ya masiku ano, ya pa foni yomwe, muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa. Kali ndi timaso ting'onoting'ono mamiliyoni ambiri, ndipo kadiso kalikonse kamangoyeza kuchuluka kwa kuwala komwe kwagwerapo n'kulemba nambala. Pa sensa zambiri kadiso kamodzi kamalandira mtundu umodzi wokha, wofiira, wobiriwira kapena wa buluu. Mitundu iwiri yotsalayo kamera imachita kuwerengera poyang'ana timaso toyandikana nako. Manambala onsewa akasungidwa momwe alili, fayilo yake imatchedwa RAW. Akadutsa mu pulogalamu ya m'kameramo, yomwe imasankha kuti kuwala kukhale kotani, mitundu ikolere bwanji, m'mphepete mwa zinthu muoneke bwino motani, kenako n'kupanikiza fayiloyo kuti ichepe, chotuluka ndi JPEG, chithunzi chomwe timatumizirana tsiku ndi tsiku.

RAW ili ngati ufa, JPEG ili ngati nsima yophikaphika. Ufa sudyeka momwe ulili, pamafunika wina aphike, ndipo ophika awiri akatapa ufa m'thumba limodzi, wina nsima yake ilimba, wina ifewa. Munthu wonena kuti chithunzi chake sanachikhudze n'komwe akunena zoona, koma chinaphikidwabe, ndipo anachiphika ndi akatswiri a ku Canon, Samsung kapena Tecno omwe analemba pulogalamu ya m'kameramo.

Chinanso, kamera siona ngati diso. Munthu akaima pamthunzi wa khonde dzuwa likuswa mtengo panja, diso lanu limaona nkhope yake ndi bwalo lonse nthawi imodzi. Kamera imavutika: ikaonetsa nkhope, panja pamayera mbee; ikaonetsa panja, nkhope imada bii. Wojambula akawalitsa nkhopeyo pa kompyuta, amakhala akubweza chithunzicho ku zomwe maso ake anaona. Kukonza kwina kumayandikitsa chithunzi ku choonadi.

Foni zatsopano zimapitirira pamenepa. Mukadina batani kamodzi, zambiri zimajambula zithunzi zingapo motsatizana, zina zowala, zina zakuda, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi inu osadziwa. Ndi chifukwa chake foni imatha kutulutsa chithunzi chooneka bwino usiku. Mu Malichi 2023 munthu wina anayesa foni ya Samsung motere: anatenga chithunzi cha mwezi, anachisokoneza dala kuti chisaoneke bwino, anachiika pa sikirini ya kompyuta m'chipinda chamdima, n'kujambula sikiriniyo ali chapatali. Foni inatulutsa mwezi wokhala ndi mizere ndi maenje omwe pa sikirini panalibe. Kampaniyo inafotokoza kuti pulogalamu yake imazindikira mwezi n'kuthandiza kuti uoneke bwino. Mwini foniyo sanakonze kanthu, komabe chithunzicho chinali ndi zinthu zomwe kamera sinazione.

Zinayamba kompyuta kulibe

Photoshop, pulogalamu ya kampani ya Adobe, inayamba kugulitsidwa mu 1990, koma kusintha zithunzi n'kwakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja, ndipo zipangizo za nthawi imeneyo sizinkatha kutenga madzi ndi mitambo bwinobwino pa kujambula kumodzi. Iye ankajambula nyanja payokha, kumwamba pakokha, n'kuphatikiza manegetivi awiriwo potsuka. Ansel Adams wa ku America anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa kamudzi ka Hernandez ku New Mexico mu 1941. Kwa zaka zambiri ankatsukanso chithunzi chomwecho, ndipo pa makope a pambuyo pake kumwamba n'kwakuda kwambiri poyerekeza ndi oyambirira. Ankachita zimenezi m'chipinda chamdima, kutchinga kuwala ndi dzanja kapena kakatoni pamalo ena, n'kukusiya kuti kukhalitse pamalo ena. Anthu amamutamanda chifukwa cha luso limeneli.

Ku Bamako m'dziko la Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo mu 1948, ndipo ankabwereketsa makasitomala ake wailesi, wotchi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo. Kwathu kunonso achikulire akukumbukira situdiyo zokhala ndi chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja kumbuyo, munthu atagwira telefoni yosalumikizidwa kulikonse. Palibe ankadzimva kuti wapusitsidwa, chifukwa wojambula, wojambulitsa ndi wolandira chithunzi onse ankadziwa momwe zinthuzo zimayendera.

Luso lomweli linagwiranso ntchito yonyansa. Pali chithunzi cha Joseph Stalin, yemwe anali mtsogoleri wa Soviet Union, akuyenda m'mbali mwa ngalande ya madzi ya ku Moscow, Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi, ali pambali pake. Stalin atamutembenukira, Yezhov anaphedwa mu 1940, ndipo chithunzicho chinatulukanso iye palibe. Pomwe anaima panangooneka madzi ndi kakhoma ka m'mbali mwa ngalandeyo.

Makompyuta atafika, ngakhale magazini olemekezeka anagwa m'mayesero. Mu Febuluwale 1982, National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza m'dziko la Egypt kuti ayandikane, pofuna kuti chithunzi chotambalala chikwane pachikuto choimirira. Nkhaniyi imaphunzitsidwabe kwa atolankhani mpaka lero.

Lamulo la atolankhani: osachotsa kanthu, osawonjezera kanthu

Malamulo okhwima kwambiri ali m'nyumba zofalitsa nkhani. Associated Press imalola wojambula wake kudula chithunzi m'mbali, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, kukonza mtundu kuti ufanane ndi momwe malowo ankaonekera, kuchisandutsa chakuda ndi choyera, komanso kufufuta timadontho tobwera chifukwa cha fumbi lomwe lagwera pa sensa. Chomwe silola ndi kuchotsa kapena kuwonjezera chinthu m'chithunzimo. Ngakhale maso a munthu akafiira chifukwa cha fulashi, lamulo la bungweli likuti asiyidwe choncho.

Ophwanya lamuloli ntchito imawathera pomwepo. Mu Malichi 2003, nkhondo ya ku Iraq ili mkati, Brian Walski wa nyuzipepala ya Los Angeles Times anajambula msilikali wa Britain akulamula anthu wamba kuti abisale pafupi ndi mzinda wa Basra. Anali ndi zithunzi ziwiri zosiyana kamphindi kochepa. Pa chimodzi msilikaliyo anaima mochititsa chidwi, dzanja atatambasula. Pa chinacho bambo wonyamula mwana ndiye anaoneka bwino. Walski anaziphatikiza. Wogwira ntchito ku nyuzipepala ina, Hartford Courant, anaona kuti anthu ena kumbuyo akuoneka kawiri, ndipo pa 1 Epulo Walski anachotsedwa ntchito. Mu Ogasiti 2006, Adnan Hajj, yemwe ankagulitsa zithunzi ku Reuters, anachulukitsa utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut utaphulitsidwa ndi ndege za Israel. Anachita izi pokopera kachidutswa ka utsi n'kukamata pamalo ena, moti owerenga anaona mawanga ofanana akubwerezabwereza. Reuters inachotsa zithunzi za Hajj zonse 920.

Milandu iwiriyi ndi yosavuta kuweruza. Yovuta ndi iyi. Narciso Contreras wa ku Mexico anali m'gulu la ojambula a Associated Press lomwe linapata mphoto ya Pulitzer mu 2013 chifukwa cha zithunzi za nkhondo ya ku Syria. Pa chithunzi china cha msilikali woukira boma, pakona pankaoneka kamera ya vidiyo ya mtolankhani mnzake. Iye anaifufuta, kenako anaulula yekha kwa akonzi. Bungweli linafufuza zithunzi zake pafupifupi 500 osapezanso china cholakwika, komabe mu Januwale 2014 linasiyana naye. Mu 2010, Stepan Rudik wa ku Ukraine analandidwa mphoto ya mpikisano wa World Press Photo chifukwa chofufuta phazi la munthu lomwe linkaoneka pang'ono kumbuyo kwa dzanja lomwe linkamangidwa bandeji. Chodabwitsa n'chakuti Rudik anali atadula mbali yaikulu ya chithunzicho ndi kuchisandutsa chakuda ndi choyera, ndipo zonsezo zinali zololedwa. Chinamugwetsa ndi kaphazi kokha.

Apa ndi pomwe ojambula okhaokha amatsutsana. Ena amati lamuloli lilibe maso: kamera yapakona kapena phazi lakumbuyo sizisintha nkhani, ndipo kudula chithunzi kumachotsa zinthu zambiri kuposa kufufuta kadontho. Akonzi amayankha kuti iwo sanali ku Syria, owerenga sanali ku Syria, mboni ndi wojambula yekha. Mukamulola kufufuta zomwe iye akuziona ngati zazing'ono, ndiye kuti aliyense azisankha yekha kuti chaching'ono n'chiti, ndipo palibe njira yoti mkonzi ali mu ofesi atsimikizire. Amawonjezanso kuti kamera yomwe Contreras anafufuta inali nkhani payokha, chifukwa inkaonetsa kuti pamalopo panali atolankhani ena. Lamulo loti osachotsa chilichonse ndi losavuta kulitsata ndiponso losavuta kuliyesa: mumangoyerekeza chithunzi chotumizidwa ndi fayilo yoyambirira.

Kuyerekeza kumeneku n'komwe World Press Photo imachita. Omwe afika kumapeto kwa mpikisano amapemphedwa kutumiza mafayilo oyambirira, ndipo akatswiri amawaunika. Mu 2015, mwa omwe anafika gawo lotsatizana ndi lomaliza, 20 pa 100 aliwonse anachotsedwa chifukwa chokonza mopyola malire. Ena sanafufute kanthu ndi chida chofufutira, anangodetsa mbali ina mpaka chinthu chomwe chinalipo chinamira mu mdima, ndipo oweruza anati kumeneko n'kuchotsa ndithu. Chaka chomwecho Reuters inauza ojambula omwe amaigulitsa zithunzi kuti azitumiza JPEG yochokera m'kamera, yongokonzedwa pang'ono, m'malo mwa zithunzi zopangidwa kuchokera ku RAW.

Nanga kuwala ndi mtundu zikonzedwe mpaka pati? Chithunzi chomwe chinapambana World Press Photo mu 2013, cha Paul Hansen wa ku Sweden, chikuonetsa azibambo a ku Gaza atanyamula mitembo ya ana awiri mu kanjira kopanikiza. Kuwala kwa pankhope zawo kunali kokongola mwakuti ena anati waphatikiza zithunzi. Akatswiri atayeza anapeza kuti timadontho tomwe timapanga chithunzi, totchedwa ma pixel, tonse tinali pamalo pake. Hansen anangowalitsa ndi kudetsa mbali zosiyanasiyana. Mphoto sanalandidwe. Komabe ena amaonabe kuti maliro a ana sanafunike kuoneka ngati chikwangwani cha kanema, pomwe ena amati kuwalako n'komwe kunachititsa dziko kuima n'kuyang'ana.

Zololedwa nazo zimatha kusocheretsa

Munthu atha kutsata lamulo lililonse koma chithunzi n'kunamabe. Mu Juni 1994, O.J. Simpson, katswiri wakale wamasewera wa ku America, atamangidwa pa mlandu wakupha, magazini a Time ndi Newsweek onse anaika pachikuto chithunzi chimodzimodzi chojambulidwa ndi apolisi. Newsweek inachisiya momwe chinalili. Time inachidetsa, nkhope inada kwambiri n'kuoneka yoopsa. Magazini awiriwa ataikidwa moyandikana m'masitolo, kusiyanako kunaonekera poyera, ndipo anthu ambiri anati Time ikugwiritsa ntchito khungu lakuda ngati chizindikiro cha uchigawenga. Palibe chomwe chinachotsedwa kapena kuwonjezedwa pankhopeyo.

Kudula m'mbali nako n'chimodzimodzi. Mu Januwale 2020, pa msonkhano wa zachuma ku Davos m'dziko la Switzerland, atsikana asanu omenyera nkhondo zachilengedwe anajambulidwa ataima pamodzi. Anayi, kuphatikizapo Greta Thunberg, anali azungu. Wachisanu anali Vanessa Nakate wa ku Uganda, yemwe anaima kumapeto. Associated Press inatulutsa chithunzicho Nakate atadulidwa. Poyamba bungweli linati wojambula anadula pofuna kuti chithunzi chioneke bwino, chifukwa nyumba yomwe inali kumbuyo kwake inkasokoneza. Pambuyo pake linapepesa. Malamulo ake omwe amalola kudula, koma zotsatira zake zinali zoti munthu yekhayo wochokera mu Africa anasowa pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, yomwe ikupweteka kwambiri Africa. Ine ndimaona kuti mlandu wa Nakate ndi wolemera kuposa wa kaphazi ka Rudik, ngakhale kuti malamulo amaika zinthu mosemphana ndi choncho.

Ukwati, khungu ndi malonda

Wojambula wa paukwati kapena pachinkhoswe ali pa pangano lina. Womulemba ntchito ndiye mwini nkhope, ndipo akufuna chikumbutso chokongola. Chiphuphu chomwe chatuluka m'mawa wa tsiku la ukwati, thukuta la mu Okutobala pamphumi pa mkwati, waya wa magetsi wodutsa kumbuyo, botolo la pulasitiki pa kapinga, zonsezi akazifufuta palibe amadandaula. Ojambula nkhope ambiri amatsata kalamulo kakuti chomwe chingathe chokha pakapita milungu iwiri chichotsedwe, koma chomwe ndi cha munthuyo, monga chipsera, kadontho kobadwa nako kapena mpata wa pakati pa mano, chisiyidwe pokhapokha mwini wake atapempha.

Povuta ndi pakhungu. Diresi loyera la mkwatibwi limanamiza kamera kuti pamalopo pawala kwambiri, motero imachepetsa kuwala ndipo nkhope ya munthu wakuda imazimirira. Kuibweza nkhopeyo kuti ioneke momwe alendo anaionera ndi ntchito yoyenera ya wojambula. Koma batani lomweli likakankhidwa pang'ono kupitirira, khungu limasintha mtundu. Nthawi zina wopempha ndi kasitomala: "Achimwene, mundiyeretseko pang'ono, koma zisachite kuonekera." Nthawi zina wojambula amangoyeretsa osafunsa, poganiza kuti aliyense amafuna zomwezo, mpaka agogo polandira chithunzi amachita kufunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa yani?" Ena amati nkhope ndi ya mwini wake, asankhe yekha. Ena amati ana omwe akukula akuona zithunzi zoyeretsedwa zokhazokha amaphunzira kuti khungu lawo ndi cholakwika chofunika kukonza, ndipo mafuta oyeretsa khungu amagulidwa ndi maganizo omwewo. Chomwe ine sindingachivomereze ndi kuyeretsa munthu yemwe sanapemphe.

Vutoli lili ndi mizu yake m'zipangizo momwemo. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayezera mitundu pogwiritsa ntchito khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lomwe linkatchedwa Shirley. Khungu lomwe makina ankaliyesa loyenera linali limenelo. Makampani anachedwa kukonza zimenezi. Google inatulutsa njira yake yojambulira bwino khungu lakuda, yotchedwa Real Tone, mu 2021. Tsitsi nalo limakhudzidwa: mu Novembala 2017, Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu wa ku Kenya, anadandaula poyera magazini ya Grazia ya ku Britain itafufuta mbali ya tsitsi lake lachilengedwe ndi kusalaza lotsalalo pachikuto, ndipo wojambulayo anapepesa.

Pa zotsatsa malonda mayiko ena anaika malamulo. Ku France, kuyambira pa 1 Okutobala 2017, chithunzi cha malonda chomwe thupi la munthu lachepetsedwa kapena kunenepetsedwa pa kompyuta chiyenera kulembedwa mawu oulula kuti chakonzedwa, ndipo wophwanya atha kulipira mayuro 37,500. Norway inayamba lamulo lofanana nalo mu Julayi 2022, ndipo lake limakhudzanso khungu komanso anthu otchuka pa intaneti omwe amalipidwa kuti atsatse katundu. Malamulo awiriwa saletsa kukonza, amangolamula kuti woona auzidwe. Otsutsa amati kachizindikiro kakang'ono pakona sikaletsa mtsikana kudziyerekeza ndi thupi lomwe kulibe.

Wogulitsa pa intaneti naye ali ndi malire ake, ngakhale atakhala kuti sanawerengepo lamulo lililonse. Kuwalitsa chithunzi cha chitenje kuti maluwa ake aoneke n'kwabwino. Kukoleza mtundu mpaka wogula n'kulandira nsalu yofwifwa, kufufuta dzimbiri pa galimoto kapena mng'alu pakhoma la nyumba ya lendi, kumeneko n'kubera munthu yemwe watumiza ndalama atangoona chithunzi. Pa chithunzi cha pasipoti kapena chiphaso, mpata wokonza ndi wochepetsetsa, chifukwa pamabwalo ambiri a ndege makina amayerekeza nkhope yanu ndi chithunzicho, ndipo mphuno yochepetsedwa kapena nsagwada yosalazidwa itha kukuchedwetsani pachipata.

Aluso ali ndi ufulu, bola anene

Wojambula zaluso atha kuphatikiza zithunzi khumi, kusintha kumwamba, kuika nsomba pamtengo. Mavuto amabwera munthu akaima pakati, osadziwika ngati ndi mtolankhani kapena waluso. Steve McCurry, yemwe anatchuka ndi chithunzi cha mtsikana wa ku Afghanistan pachikuto cha National Geographic mu 1985, anagwa m'mkangano wotere mu 2016. Pa chionetsero chake ku Italy, wojambula wina anaona kachidutswa ka mtengo wa chikwangwani cha pamsewu katamatika pafupi ndi mwendo wa munthu pa chithunzi cha ku Cuba. Anthu atafufuza anapeza zithunzi zina zomwe munafufutidwa anthu ndi zinthu. McCurry anayankha kuti tsopano amadzitenga ngati wofotokoza nthano kudzera m'zithunzi, osati mtolankhani. Omukonda anati ndi ufulu wake. Omutsutsa anati anthu ankazikonda zithunzizo chifukwa ankakhulupirira kuti zinachitikadi momwemo, ndipo iye sanawauze kuti wasintha ntchito.

Nthawi ya AI

AI ndi luso lomwe kompyuta imaphunzira kuchokera ku zithunzi mamiliyoni ambiri mpaka kumatha kupanga zake. Mu Epulo 2023, Boris Eldagsen wa ku Germany anakana mphoto yomwe anapambana pa Sony World Photography Awards, n'kunena kuti chithunzi chake cha amayi awiri, chooneka ngati chakalekale, chinapangidwa ndi AI ndipo sichiyenera kupikisana ndi zojambulidwa ndi kamera. Apa palibe kuwala komwe kunagwera pa sensa, amayiwo sanakhaleko.

Chomwe chikukhudza anthu ambiri ndi AI yomwe yalowa m'mafoni. Mu Okutobala 2023 Google inatulutsa foni ya Pixel 8 yokhala ndi chida chotchedwa Best Take. Mukajambula gulu kangapo, mumatha kusankha nkhope ya aliyense kuchokera pa chithunzi chomwe anaoneka bwino, foni n'kuziphatikiza. Chomwe chinachotsetsa Walski ntchito mu 2003 tsopano chimachitika ndi chala chimodzi. Pa chithunzi cha banja, pomwe mwana mmodzi anatsinzina wina anayang'ana kumbali, ambiri saona vuto. Koma zithunzi za m'mafoni a anthu wamba ndi zomwenso zimafika ku nyuzipepala pakachitika ngozi, zionetsero kapena kusefukira kwa madzi, ndipo zina zimakaperekedwa ngati umboni ku polisi ndi kukhoti. Mwini foni sangathe nthawi zonse kunena kuti pulogalamu yasintha chiyani.

Poyesa kuthana ndi zimenezi, makampani monga Adobe, Microsoft ndi BBC anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa C2PA mu 2021. Cholinga chake n'chakuti chithunzi chiziyenda ndi mbiri yake yosindikizidwa m'fayilo: kamera yomwe inajambula, nthawi, ndi kusintha kulikonse komwe kwachitika. Kamera yoyamba kugulitsidwa ndi luso limeneli inali Leica M11-P, mu Okutobala 2023. Njirayi siletsa kukonza, imangolemba zomwe zachitika kuti woona aweruze yekha.

Kufooka kwake kuli panjira zomwe zithunzi zimadutsa kuti zitifike. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimapanikizidwa, ndipo zambiri zolembedwa m'fayilo zimatayika. Wina akachijambula pa sikirini, mbiri yake kawirikawiri imatayikanso. Motero chomwe chafika pa gulu la banja kapena la mpingo chimakhala chopanda dzina la wojambula, tsiku kapena malo. Zizindikiro zakale zimathandizabe: mawanga obwerezabwereza ngati utsi wa Hajj, mithunzi yoloza kosiyana, mizere ya khoma kapena chitseko yopindika pafupi ndi chiuno cha munthu, zilembo za pachikwangwani zosawerengeka. Koma AI ikupita patsogolo msanga ndipo zizindikiro zotere zikuchepa. Ndiponso zithunzi zambiri zomwe zimasocheretsa anthu sizinakonzedwe n'komwe: ndi zenizeni, zakale kapena za dziko lina, zongopatsidwa mawu atsopano, monga madzi osefukira a zaka zapitazo akufalitsidwa ngati a dzulo. Zoterezi zimagwidwa poika chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye, zomwe zimaonetsa masamba ena pomwe chinatulukapo kale ndi nthawi yake.